Woyenda patsogolo usiku akhale ndani?

Gulu la anthu ongodzipereka likaganiza zomakapereka chithandizo cha mankhwala kwa anthu ogona m'makhonde a masitolo ndi m'misika, chimene limayamba kulemba ndi mndandanda wa atsogoleri. Pamwamba pamakhala dokotala, kapena wophunzira udokotala amene watsala pang'ono kumaliza. Pansi pake namwino, kenako wodziwa za mankhwala, kenako msungichuma amene anagwirapo kubanki. Aliyense amamulembera kambiri kake: anaphunzira kwakuti, anagwira ntchito kwakuti, ali ndi digiri yakuti. Ndikamawerenga mindandanda yotere ndimafunafuna munthu mmodzi, ndipo nthawi zambiri sindimupeza. Munthuyo ndi amene anagonapo pakhondepo iye mwini, kapena amene wakulira pakati pa ogonapo, woti akafika pa depoti usiku anthu amamutchula dzina asanatsegule pakamwa. Akapezeka, amakhala kumapeto kwenikweni, pansi pa mawu oti "otithandiza".

Ine ndikuti munthu ameneyu malo ake ndi pamwamba, pambali pa wachipatala, ndipo mawu ake azimveka pa zimene gulu likuchita. Kuno ku Mulanje ndi Thyolo tili ndi zifukwa zathuzathu zonenera choncho, zina mwa izo zowawa.

Wina anena kuti nkhaniyi ndi ya ku Limbe ndi Lilongwe, kwathu kuno kulibe anthu a mumsewu. Wonena choncho amagona msanga. Apite pa Limbuli usiku woti mawa ndi tsiku la msika, akaone amayi atagona pamatumba a katundu wawo. Apite pa Muloza, pomwe anthu ochokera ku Milange amachezera kudikira kuche. Pa Luchenza, pa Bvumbwe, pa Chitakale pali oitanira maminibasi, anyamata a kabaza ogona panjinga zawo, ana othawa kwawo, amayi oyendayenda a m'mabala ndi m'marestihausi, aganyu amene nyengo yothyola tiyi yawathera koma kwawo alibe munda wobwererako. Palinso odwala matenda a m'maganizo amene tonse timawadziwa ndi mayina ongowapatsa. Chipatala cha boma n'chaulere, inde. Koma kufola pamzere kuyambira m'mawa mpaka masana ndiye kuti tsiku limenelo sudya. Kabuku kakuchipatala kananyowa ndi mvula kalekale. Bala la pamwendo likununkha ndipo mwini wake akudziwa mmene anthu pabenchi akamuyang'anire. Ndiye amangogula panado wa pamsika n'kumadikira.

Ntchito yowatsatira anthu oterewa komwe amagona, imene kunja amati street medicine, ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imandikomera chifukwa madokotala amene anaitchukitsa sanayambe ndi kutsogolera. Dr Jim Withers wa ku Pittsburgh, ku America, anayamba kuyenda usiku pansi pa milatho mu 1992. Sanapite yekha. Amene ankamutsogolera anali Mike Sallows, bambo amene iyenso anakhalapo wopanda pokhala. Withers anavala zovala zakutha, n'kumatsata pambuyo pa Sallows, amene ankadziwa poti alowere, woti amulonjere, ndi nthawi yoti achokepo. Pulogalamu yake yochiza anthu ogona mumsewu ya Operation Safety Net inabadwa pamenepo. Ku Boston, Dr Jim O'Connell anafika panyumba yogona anthu osowa pokhala ya Pine Street Inn mu 1985 atangomaliza maphunziro apamwamba a udokotala. Namwino wa pamenepo, Barbara McInnis, anamuuza kuti ayambe waika pambali chomvera kugunda kwa mtima chija, ayambe ndi kunyika mapazi a odwala m'madzi. Anachita zimenezo kwa milungu ingapo asanaloledwe kuchita za udokotala. Ndipo ku Kolkata, ku India, Jack Preger amene anatsegula chipatala cha m'mbali mwa msewu anali mlimi ku Wales asanakayambe sukulu ya udokotala ali ndi zaka 35. Tikamatengera ntchitoyi kuno, timatengera dzina la dokotala pamwamba pa pepala, n'kusiya Sallows ndi McInnis.

Koma sitikufunika kupita kutali chonchi. Tikumbukire 2017.

Mu Sepitembala chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa. Midzi inatseka misewu ndi mitengo ndi miyala, magalimoto kumaimitsidwa n'kumachitidwa chipikisheni, ngakhale maambulansi. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe mu Okutobala. Ogwira ntchito zachipatala anali m'gulu la okayikiridwa, chifukwa ndiwo amayenda ndi jakisoni ndi timachubu. Mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu, munthu yemwe anali woyenera kuthandizidwa ndi gulu ngati lomwe tikukambali. Mphekeserazo zinazilala, koma mantha ake sanathe. Nthawi ya Covid-19 komanso ya kolera mu 2022 ndi 2023 tinamvanso zonena kuti achipatala akubaya anthu dala.

Tsopano taganizani gulu la anyamata ndi atsikana achilendo, zikwama kumsana, magolovesi m'manja, tochi pamphumi, likutsika m'galimoto pamsika wa kwa Njema kapena kwa Mabuka nthawi ili 10 koloko usiku. Kuyeza malungo n'kubaya chala. Kuyeza HIV n'kubaya chala. Shuga chimodzimodzi. Ntchito yawo yonse ndi yotenga timadontho ta magazi mumdima kwa anthu amene alibe wowalankhulira. M'maboma athu ano digiri siingateteze munthu pamalo oterowo, ngakhale kalata ya mkulu wa zaumoyo siikwanira, chifukwa gulu la anthu olusa siliwerenga makalata. Chimene chingawateteze ndi mayi wogulitsa nthochi pamenepo kapena mnyamata wa kabaza wa pasiteji yomweyo amene anganene kuti "awa ndi athu, ndabwera nawo ine", anthu n'kumumvera. Munthu amene moyo wa gulu lonse uli m'manja mwake usiku, masana asakhale wongotumidwa kukagula mayunitsi.

Thyolo ili ndi phunziro lina, losangalatsa. Bungwe la Médecins Sans Frontières linafika m'bomali mu 1997 ndipo mu 2003 linayamba kupereka ma ARV mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. Madokotala anali owerengeka, odwala ali piringupiringu. Ntchito inagawidwa: ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino anayamba kuyambitsa anthu mankhwala, alangizi a zaumoyo kumayeza magazi ndi kupereka uphungu, ndipo mavolontiya a m'midzi, ambiri a iwo oti ali ndi kachilombo eni ake, kumayendera odwala ndi kulondola amene asiya kumwa. Pofika 2007 Thyolo inkatchulidwa kunja ngati boma la kumudzi lomwe lakwanitsa kufikira ambiri mwa ofunika mankhwalawa. Mu 2012 kunayambanso timagulu ta anthu osaposa asanu ndi mmodzi tomwe timasinthana kukatengerana mankhwala kuchipatala, nzeru imene inachokera ku Tete, ku Mozambique. Amene anakhalako zaka zimenezo akudziwa kuti bambo wowopa kukayezetsa sankatembenuzidwa ndi pepala lomata pakhoma. Ankatembenuzidwa ndi mnzake amene anamuona atawonda mpaka nthiti kuwerengeka, lero akulima, akumuuza kuti "inenso ndimamwa".

Chomwe sitinaphunzire bwino pa zaka zimenezo n'chakuti anthu amene ankasenza ntchitoyo kawirikawiri sankakhala patebulo pomwe pankagamulidwa zinthu. Ankaitanidwa kudzaimba nyimbo ndi kupereka umboni alendo akabwera. Magulu atsopanowa asabwereze zimenezo.

Pali zotsutsa, ndipo sizopanda mutu.

Choyamba, mankhwala si masewera. Tili kale ndi vuto la anthu ogulitsa amoxicillin ndi bactrim pamphasa pamsika, komanso "madokotala" odziika okha amene amabaya anthu jakisoni kuseri kwa okala. Gulu lililonse lopereka mankhwala liyenera kukhala ndi munthu wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi, amene chinthu chikalakwika adzayankha ndi chiphaso chake. Mankhwala ake achokere kovomerezeka, ndipo ofesi ya zaumoyo ya boma idziwe kumene gululo likuyenda. Pa ichi sindikusuntha. Sindikunena kuti wa kabaza azilembera anthu mankhwala. Ndikunena kuti mafunso oti tipite kuti, tipite liti, tiyambe ndi ndani, tilankhule bwanji, si mafunso a m'kalasi ya udokotala, ndipo iye amawadziwa kuposa wina aliyense.

Ndipo ngakhale pa mpando wa wachipatalawo, tiyang'ane bwino amene tikumufuna. Matenda amene amapha anthu a m'makhonde si ochiza ndi mapiritsi a tsiku limodzi. Chifuwa chachikulu chimafuna miyezi isanu ndi umodzi. Ma ARV ndi a moyo wonse. Khunyu, BP ndi matenda a m'maganizo amafuna munthu wobwera mwezi ndi mwezi. Gulu lobwera kamodzi, kugawa mapiritsi, kujambula zithunzi n'kumapita, limasiya zinthu zitaipirapo, chifukwa wodwala woyamba mankhwala n'kusiyira panjira amakhala pangozi yoposa pamene anali. Ndiye wachipatala wofunika kwambiri ndi amene angathe kutenga foni n'kuimbira mnzake ali pa ntchito kuchipatala cha boma kapena cha mishoni kuti "ndikutumizirani bambo wina, alibe kabuku, musamubweze". Sukulu ya Malamulo ku Makwasa ndi sukulu ya anamwino ya pa Mulanje Mission zakhala zikutulutsa anthu kwa zaka zambiri, ndipo ena a iwo anapuma pantchito ali konkuno, akulima chinangwa ndi nandolo. Namwino wopuma amene anabeleketsa theka la anthu a pamsikapo, kapena medical assistant amene anakhala zaka makumi awiri ku Thekerani, kwa ine ndi wamtengo wapatali kuposa dokotala wachinyamata wochokera mumzinda Loweruka lokha. Dzina lake silikopa opereka ndalama, basi.

Alangizi a zaumoyo nawonso timawaiwala. Ntchito yawo inayambira pa katemera wa nthomba ndi kulimbana ndi kolera zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo lero ena amayendetsa timakiliniki ta m'midzi tochiza ana osakwana zaka zisanu malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Kuyenda khomo ndi khomo anthu asanakuitane ndi luso, ndipo m'dziko muno palibe amene analiphunzira kuposa iwowa. Namondwe wa Freddy atadula misewu ndi milatho mu Malichi 2023, anthu atadzazana m'makalasi, amene anayamba kugwira ntchito m'misasamo anali omwe ankakhala komweko. Ochokera kutali anafika njira zitatseguka.

Chotsutsa chachiwiri chimandivuta kwambiri. Munthu wodziwika ndi aliyense amadziwanso za aliyense. Mayi woyendayenda angalole kuyezedwa HIV pamaso pa mlendo amene sadzamuonanso, koma osati pamaso pa mnyamata amene mawa akamwa naye mowa makasitomala ake. Komanso wodziwika pamsika nthawi zina ndi wowopedwa pamsika: amene amatolera ndalama kwa ogona pakhonde, amene amagwira ana ntchito, amene amavutitsa atsikana. Gulu lachilendo likafika limakumana koyamba ndi munthu wotereyu, chifukwa ndiye amathamangira galimoto. Kumupatsa tisheti ya gulu n'kumuonjezera mphamvu zopondereza anzake. Izi n'zoona, ndipo yankho lake si kubwerera kwa a madigiri okha. Yankho lake n'kusafulumira. Funsani amayi paokha, funsani ana paokha, kuti akadwala usiku amagogoda kwa ndani. Dzina limene lizibwerezedwa kawirikawiri silikhala la wofuula kwambiri uja. Ndipo amene wasankhidwayo aphunzitsidwe kusunga chinsinsi, auzidwe poyera kuti akangoulula za wodwala wachoka, ndipo nthawi yoyeza azikhala panja. Lamulo lomwelo likhudze ovala yunifolomu, pakuti miseche ya za odwala siinayambire pamsika.

Nanga achinyamata ophunzira bwino amene amayambitsa magulu ambiri otere? Sindikuwanyoza. Dziko lino lili ndi anamwino ndi ma clinical officer amene anamaliza sukulu koma sanalembedwe ntchito, pomwe zipatala zikusowa anthu. Kudzipereka kumawathandiza kuti manja asaume, ndipo kumakometsa kalata yofunsira ntchito. Palibe cholakwika pamenepo. Wothandiza mnzake akapindulanso iye mwini, bala la wodwala limapolabe. Vuto ndi loti tsiku lina dzina lidzatuluka pa mndandanda wa boma, mtsikana uja n'kutumizidwa ku Chitipa, mnyamata uja n'kupeza sukulu kunja. Akulu anati mlendo ndi mame. Ngati zonse zinali m'mutu mwa iwowo ndi m'foni zawo, monga bambo wa chifuwa amagona kuseri kwa sitolo iti, mtsikana uja mankhwala amuthera liti, gulu limafa tsiku lomwe akwera basi. Ndipo ogona pakhonde amawerengera. Akhumudwitsidwa kambirimbiri ndi anthu obwera ndi malonjezo, ndipo gulu lotsatira limalipira ngongole ya lomwe linathawa. Tinaona momwe ntchito zoyendera anthu zinaimira mwadzidzidzi boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025. Zimene zinapitirira zinali zomwe zinali m'manja mwa anthu osasamuka.

Apa pakubwera nkhani ya ndalama, yomwe magulu ongodzipereka sakonda kuikamba. Amati tonse ndife mavolontiya, palibe wolandira kanthu, ngati kuti zimenezo n'chilungamo. Si chilungamo. Dokotala wopereka Loweruka madzulo malipiro ake a pamwezi sasintha. Wa kabaza wopereka usiku womwewo wataya ndalama ya ufa wa mawa, ndipo ngati njingayo ndi ya bwana, ndalama ya bwanayo ayenera kuipezabe. Mayi wa nthochi watseka benchi. Ngati pali kandalama kalikonse ka alawansi, kayambire kwa amenewa, ndipo asamachite kupempha. Gulu limene limagula matisheti ndi chikwangwani lisanaganize za ichi ndiye kuti silinadziwe amene akulinyamula.

Ndikadakhala ine wosankha, ndikadafunanso wina wodziwako malamulo. Anthu ogona panja amathawa tochi chifukwa kwa zaka zambiri tochi usiku inkatanthauza vakabu. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa mbandakucha akupita ku Limbe kukachita malonda, kuti gawo lina la lamulo la vakabu likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ambiri ogona m'makhonde sanamvepo za chigamulochi, ndipo kusesa kwa usiku sikunatheretu. Munthu amene angapite kupolisi m'mawa kukanena kuti amene mwamutsekera uja ali pa mankhwala a TB, ndi wofunika ngati wonyamula chikwama cha mabandeji. Koma gulu lisayende ndi wapolisi wovala yunifolomu poganiza kuti ndiye chitetezo. Likatero lidzapeza makhonde ali mbee.

Tsono mphamvu zenizeni zimene ndikunenazi n'zotani? Si dzina la udindo lokometsera. Munthu wa pamsikayo akhale mmodzi mwa osainira ndalama kubanki. Akanena kuti lero sitipita, kwagwa maliro okayikitsa ndipo anthu atentha mitima, ulendo ulephereke ngakhale mlendo wopereka ndalama atabwera kale kuchokera ku Blantyre. Misonkhano ichitike m'Chichewa, pamalo ndi nthawi imene iye angafike, osati pa WhatsApp m'Chingerezi pakati pa usiku pomwe iye alibe bandulo. Pomwe odwala akulankhula Chilomwe kapena ochokera kutsidya akusakaniza ndi Chipwitikizi, iye ndiye amve nkhani yonse, osati kungomasulira mawu awiri amene dokotala wafunsa.

Ndipo akhale ndi mawu omaliza pa zithunzi. Magulu ambiri amapeza thandizo poika pa Facebook zithunzi za zilonda ndi nkhope za odwala, ndipo amati tinapempha chilolezo. Munthu amene bala lake lili m'manja mwako sangakane chimene wamupempha. Wophunzira wa mumzinda amaona chithunzi chokopa opereka ndalama. Amene anagonapo pakhondepo amadziwa kuti mlongo wake wa bamboyo ku Goliati ali ndi foni, kuti akwawo ankadziwa kuti ali pantchito ku esiteti, ndipo kuti chithunzicho chikafika kumudzi bamboyo sadzabweranso kudzatsukitsa bala lake Loweruka likudzalo.